Chihema cha Nyenyezi Chitaphwa Mpweya

Ntchito yanga yoyamba ku Durban anandipezera ndi azakhali anga, a Nachisale, amene ankachapa ndi kusita m'nyumba ina ku Morningside. Ndinali nditangofika kumene kuchokera ku Ntcheu, ndikugona pansi m'kachipinda kawo ku Point, ndipo m'mawa uliwonse ankandiyang'ana ndi diso lija lofunsa kuti kodi iwe udzayamba liti kugulako buledi. Tsiku lina madzulo anafika ndi nkhani yoti bwana wawo, a Moodley, akufuna munthu wonyamula katundu. Bwanayo ankafuna mwamuna, koma azakhali anamuuza kuti ali ndi mwana wa achimwene awo amene anakula akusenza matumba a kachewere pa Tsangano, ndiye asadere nkhawa za msana.

"Koma tamvera, Felesiya," anatero azakhali. "Chichewa uzichisiya m'chipinda muno. Akakufunsa kwanu, uziti ku Limpopo."

Ndinaseka poyesa nthabwala. Ku Limpopo ndinangodutsako pa basi, ndili m'tulo. Koma m'mawa mwake a Moodley anabwereza zomwezo ali chiimire m'galaja mwawo. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, wamfupi, wadazi, wolankhula mofatsa ngati akupepesa. Anati iwo alibe nawo vuto Amalawi, koma masukulu ena akangomva kuti alemba mlendo sawaitananso, chifukwa makolo amabwera kudzachita phokoso pageti. "Ukatha kunena kuti Limpopo, ntchito ilipo," anatero. "Ukalephera, palibe." Makani ndinabadwa nawo, amayi anga angachitire umboni, koma tsiku limenelo ndinawameza n'kuvomera.

Ntchito yake inali yachilendo moti kumudzi mpaka lero samvetsa chimene ndinkachita. A Moodley anali ndi chihema chachikulu chakuda, chozungulira ngati mphika wovundikira, chimene ankachitcha domu. Chilibe mitengo kapena zitsulo, chimaima ndi mpweya basi. Tinkachikweza pa baki, kagalimoto ka bwana kotsegula kumbuyo, n'kumayenda nacho m'masukulu. Ana amalowamo masana dzuwa likuswa mtengo n'kukapeza usiku wathunthu, nyenyezi zili mbwee, mwezi ndi mapulaneti zikuyenda pamwamba pa mitu yawo.

Chida choyamba pa ntchito imeneyi ndi tsache. Holo ya sukulu uyisese wekha, ngakhale akulumbirire kuti asesa kale, chifukwa kapini kamodzi kogwa pa bolodi kakhoza kuboola nsalu. Ukasesa umayala lona, pamwamba pake n'kutambasula chihemacho, mbali yakuda kunja, yotuwa m'kati. Kumbuyo kwake kuli mkono wansalu wautali, waukulu moti mwana akhoza kukwawamo, umene umamangidwa kukamwa kwa fani ndi lamba. Chingwe cha magetsi umachimata pansi ndi tepi kuti wina asakodwe. Fani umayiyatsa mwamphamvu mpaka chihema chitaima, kenako umayichepetsa kuti isasokose. Pulojekitala ankalowetsa ndi a Moodley okha. Galasi lake lotukuka, loponya chithunzi denga lonse, ankalisunga m'sokosi yakale, ndipo ine sankandilola ngakhale kulipumira.

Malo anga anali pakhomo. Khomo lake ndi zipi yaitali. Ana amavula nsapato n'kuziika pamzere, iwe n'kumawalowetsa ochepaochepa, kutsegula, kutseka, kutsegula, kutseka, chifukwa ukasiya chitsegukire mpweya umathawa. Koma lamulo lalikulu linali la magetsi, poti kuno amazima mosinthana madera. Batire limene tinali nalo linkangokwanira pulojekitala ndi laputopu, fani ayi. Magetsi akazima chihema sichigwa nthawi imodzi, chimaphwa pang'onopang'ono. Bwana m'kati amauza ana kuti akhale pansi osasuntha. Ine kunja ndimagwira m'mphepete mwa nsalu, poti chihemacho chilibe pansi pake, n'kuchikweza ndi kuchiponyera kumbuyo monga uvundukula bulangeti pa munthu wogona. Tinayeserera zimenezi m'galaja mpaka manja anga anazolowera.

Nkhani za bwana ndinkazimvera kunja, kudzera m'nsalu, fani ikulira kumbuyo. Zambiri zinkangondidutsa. Koma imodzi inandigwira, ya pulaneti lotchedwa Neptune. Ankati kalekale akatswiri anaona kuti pulaneti lina, Uranus, silikuyenda monga mmene masamu awo ankanenera pozungulira dzuwa. Pena linkafulumira, pena linkatsalira. Munthu wina wa masamu ku France anati ndiye kuti kuseri kwake kuli chinthu chachikulu chimene chikulikoka, chimene palibe anachionapo. Anakhala pansi ndi cholembera n'kuwerengera pamene chinthucho chiyenera kukhala, kenako anatumiza uthenga kwa anzake okhala ndi telesikopu kuti lozani apa. Analoza, n'kulipeza tsiku lomwelo, pafupi kwambiri ndi pamene iye ananena.

Ana akamva zimenezi ankati "eish" onse pamodzi. Ine ndinakana kukhulupirira. Pobwerera pa baki ndinawapanikiza a Moodley kuti munthuyo ayenera kuti anasuzumirako kaye mobisa, n'kudzanamizira masamu pambuyo. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ayi, ndipo umboni wake ndi wakuti munthu yemweyo anadzayesanso kachiwiri n'kuphonya. Ananena kuti pafupi ndi dzuwa pali pulaneti linanso, mpaka linapatsidwa dzina loti Vulcan. Anthu analisaka zaka ndi zaka, ena n'kumalumbira kuti aliona, koma kunalibe kanthu. Anatinso ngakhale lero alipo akatswiri amene akuti kutali kwambiri kuli pulaneti lina lalikulu, ndipo akulisakabe. "Masamu amakuuza koyang'ana," anatero. "Koma mpaka diso lione." Ya Vulcan sankaikamba kwa ana aang'ono, ankati iwasokoneza.

Tsiku lina kalasi itachedwa kubwera anandiitana kuti ndilowe ndione ndekha. Ndinakhala pa lona, zipi yotseka, ndipo anandionetsa Neptune wakeyo, kampira kobiriwira kopanda chochititsa chidwi. Chimene chinandikhudza ndi nyenyezi zinazo. Kuno ku Durban thambo ndi lofiirira ndi magetsi a padoko, ukawerenga nyenyezi zala zimatsala. M'chihema muja munali thambo la kwathu la mwezi wa June, lija timaliona pobwera kumaliro. Ndinatuluka msanga, ndinati fani ikufunika kuyang'anira.

Za Limpopo zija zinkandiwawa tsiku ndi tsiku. Sukulu iliyonse pamakhala wofunsa. Ungowaphi wena, kwanu n'kuti iwe? Ndinkayankha n'kuwerama kukonza tepi imene sinasunthe n'komwe. Pasukulu ina mphunzitsi wina anasangalala kwambiri, anati nayenso kwawo ndi komweko, n'kuyamba kundilonjera m'chinenero chawo. Ndinakweza fani mpaka kumapeto n'kumulozera khutu kuti sindikumva. Bwana anatulutsa mutu pazipi kufunsa ngati ndikufuna kuulutsa ana a eni. Madzulo ake nditawafotokozera azakhali anaseka mpaka misozi, koma ine sindinaseke. Bambo anga anandilera ndi khasu pa Ntcheu, ndipo ine ndinkawakana sabata iliyonse chifukwa cha ntchito yosesa holo.

Tsiku lovuta linafika m'nyengo yotentha, pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi m'tauni. Masiku amenewo m'matakisi munadzaza nkhani za alendo, zoti akulanda ntchito, ndipo azakhali anandichenjeza kuti ngakhale foni ya kumudzi ndisayankhe panjira. Pageti panali mlonda wamtali wa ndodo, amene anandifunsa funso lija n'kundiyang'ana nthawi yaitali nditayankha. Pambali pake panali mayi wina wogulitsa magwinya, amene ndi mandasi a kuno. Ndinagulako. Tinalonjerana m'Chizulu, iye chake chosalala, ine changa chopunduka.

Kalasi yachiwiri kulowa inali ya ana a msinkhu wogweluka mano. Ndinkawalowetsa pazipi, mlonda uja ataima pakhomo la holo kuonerera. Kamtsikana kena kowonda, ka tsitsi lometa, katafika pakhomo la chihema kanaima. Kanapinda mawondo pang'ono n'kunong'ona kuti, "Odi."

Ndinamuyang'anitsitsa. Mwana wa kuno sanena odi. Mwana ameneyu anaona chinthu chonga nyumba ya eni, ndipo pakamwa panachita zimene anaphunzitsidwa mutu usanaganize. Mayi ake sindinkawadziwa, koma ndinatsimikiza kuti alipo penapake mu Durban muno, mayi wa kwathu wolera mwana mwaulemu kuseri kwa chitseko. Ndipo kwathu munthu akanena odi sumusiya chiimire, umayankha kuti lowani. Ndinayang'ana mlonda, ndinayang'ana mwana, n'kungomukhudza paphewa kuti apite. Ndinatseka zipi.

A Moodley anali atafika pa Neptune penipeni, pamene munthu wa masamu akunena kuti lozani apa, fani n'kuleka kulira. Tinkadziwa kuti magetsi azima masana, koma iwo anazima m'mawa. Denga la chihema linayamba kutsika. Ndinamva bwana akuti khalani pansi, khalani pansi, koma ana a msinkhu umenewo sanamve. Mmodzi analira, onse anadzuka n'kuthamangira kuzipi kumene analowera. Ndinaona nsalu ikutukuka ndi timitu ndi timanja. Zipi sindinatsegule, akanapondana pakhomopo. Ndinagwira m'mphepete chapambali, kukweza, kuponya, bwana akuthandiza m'kati. Chihema chinapita kumbuyo n'kukaunjikana mulu waukulu kufupi ndi fani, ana n'kutulukira poyera, ena akulira, ena ayamba kale kuseka.

Mphunzitsi wawo anawauza kuti avale nsapato. Onse anavala. Pamzere panatsala tinsapato takuda ta mwana mmodzi.

"Zanele," anaitana mphunzitsiyo. "Zanele, phuma." Ankamuuza kuti atuluke. Palibe anayankha. Anaitana m'Chingelezi, mlonda nayenso anaitana ndi mawu ake aakulu, kuli zii. Ndinayang'ana nkhope za ana, ndipo kamtsikana ka odi kaja kanalibepo. Anzake pothamangira kukhomo iko kanakwawira kumbuyo, ndipo nsalu yonse tinaiponyera pa iko.

Nsalu imeneyo ndi yolemera, yopangidwa kuti isalowetse kuwala, ndipo mpweyanso sudutsa bwino. M'holo munali motentha kwambiri. Mlonda anafuna kukoka muluwo ndi mphamvu, ndinamugwira dzanja. Ukakoka osadziwa pamene mwana ali ukhoza kumukulunga kwambiri kapena kumupotola khosi. Pankafunika kuti mwanayo ayankhe. Koma mwana wamantha, mu mdima, akumva akuluakulu akukuwa dzina lake ngati walakwa, amangodzipinda n'kukhala chete.

Sindinama kuti zinangondipulumuka pakamwa. Ndinadziwa chimene ndikuchita, ndinadziwa kuti mlonda ali pambali panga ndi kuti bwana akumva. Ndinagwada pafupi ndi muluwo n'kulankhula monga amalankhulira azimayi kwathu.

"Iwe mwanawe wa odi uja. Odi wako ndinamumva, ndi ine azakhali a pakhomo paja. Sunalakwe kanthu. Uli pati? Tandiyankha."

Ndinatchera khutu. Kenako pansi pa nsalu, chakufani, panamveka timawu. "Ndili kuno. Kuli mdima."

"Khala pompo, usasunthe. Ndikubwera."

Ndinakwawa, ndikukweza nsalu khwinya ndi khwinya, mpaka ndinagwira kaphazi kotentha. Anali atalowa mu mkono wa fani uja, thukuta lili kamukamu, akupuma wefuwefu. Ndinamukoka pang'onopang'ono n'kumunyamula. Sanavulale paliponse.

Ndisanaimirire bwino mlonda anali atayamba kale. Anati chinenero chimenecho si cha ku Limpopo, iye amachimva ku Point kwa makwerekwere, dzina limene amatitchula akafuna kutinyoza. A Moodley anathamangira pakati, manja m'mwamba, kufotokoza kuti kwathu ndi kumalire kwenikweni, kumene zinenero zimasakanikirana. Ndinawayang'ana akutuluka thukuta ponama kuti andiphimbe. Mwana anali adakali pachifuwa panga, mtima wake ukugunda pa wanga, ndipo ndinangoona kuti sindingathenso.

"Ayi, bwana," ndinatero m'Chizulu changa chopunduka chija, mokweza kuti mlonda asavutike kumva. "Kwathu ndi ku Malawi, boma la Ntcheu."

Nkhani inali itafika kale pageti. Amene analowa m'holo akuthamanga, apuloni ili ndi mafuta, anali mayi wa magwinya uja. Anandilanda mwana n'kuyamba kumutonthoza m'Chizulu, mokweza kuposa mmene mayi amatonthozera mwana, kuti aliyense amve. Ine ndinapita kukamasula lamba wa fani. Patapita kanthawi anadutsa pafupi nane, mwana kumsana, osandiyang'ana, n'kulankhula chapansipansi m'Chichewa chenicheni.

"Zikomo achemwali, mwanditulutsira mwana. Mulungu akudalitseni. Koma inu mukwera galimoto n'kumapita. Ife mawa tili pompano."

Ankanena zoona. Kalasi yonse inali itamumva Zanele akundiyankha, ndipo mlonda analinso ndi makutu.

Tinakweza katundu pa baki, a Moodley n'kuliza galimoto. Kenako anati ahedi awauza kuti tisabwerenso, chifukwa makolo akamva kuti mwana anatsala pang'ono kubanika ndipo wogwira chihema anali mlendo, zivuta. Anati ndachita bwino kumutulutsa mwanayo, ndipo Chichewacho akanachiphimba, koma chimene chawononga ndi kuwatsutsa pamaso pa anthu. Anati andisungabe, bola Lolemba pasukulu ina ndikabwerere ku Limpopo kwanga.

"Bwana," ndinatero, "mzimayi wa ku Limpopo uja ndi Vulcan wanu. Munamupatsa dzina, munamulozera pokhala, koma kulibe. Amene anakwawa pansi pa nsalu ija ndi ine."

Sanaseke. Anati masukulu ndi ochepa ndipo ahedi amauzana. Ndinati ndikumvetsa, koma agule batire lokwanira fani, chifukwa chimene chinakwirira mwana si Malawi. Titafika ku Morningside ndinatsitsa katundu yense, ndinapinda chihema bwinobwino monga anandiphunzitsira, ndinavula ovololo n'kuipachika pamsomali. Sanali munthu woipa a Moodley, ndipo ndimawathokozabe pa zimene ndinamva kudzera m'nsalu ija. Anali amantha, ndipo ankafuna kuti manthawo ndiziwasenzera pamodzi ndi katundu.

Azakhali anakwiya kwambiri. "Ntcheu wakoyo akugulira buledi?" anandifunsa, kenako anakhala masiku osandilankhula. Mkwiyo wawo unali ndi pogwira, poti nawonso ankadya za m'nyumba yomweyo, ndipo anayenera kukapepesa m'malo mwanga. Miyezi yotsatira inali yowawa. Ndinachapa zovala za anthu m'mafulati, ndinasenza makatoni a ogulitsa mumsewu m'tauni, masiku ena ndinkabwerera chimanjamanja n'kugona pansi paja ndikudzifunsa ngati pakamwa panga si mdani wanga. Pamapeto pake ndinalowa m'khitchini ya lesitilanti ina, kumene ndili mpaka pano.

Chimene ndinatolapo ndi ichi. Kulikonse kumene ndafunsira ntchito chichokereni m'galaja muja, ndimanena tsiku loyamba lomwelo, ndisanavale ovololo, kuti kwathu ndi ku Malawi, ngati lili vuto anene pompo. Ena amati sharp, yamba mawa. Ena amati adzandiimbira, ndipo ndimadziwa kuti sadzaimba. Ndimachokapo ndi njala yanga, koma ndimachokapo ndili ine. Kubisala kwa mnzanga ndiye sindikukhudza. Mu takisi ndikamva wina akulimbana ndi Chizulu chopunduka ngati changa, ndimayang'ana pawindo n'kumusiya, chifukwa sindidziwa chimene akuteteza.

Ndinadzadutsa dala pasukulu ija patapita nthawi. Pageti panali mayi wina wogulitsa maswiti. Ndinamufunsa za mayi wa magwinya, anati anachoka kalekale pamodzi ndi mwana wake, sakudziwa kumene anapita. Mwina anapeza malo abwino. Mwina anathawa mawu anga. Sindidzadziwa, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa ntchito imene ndinataya. Komabe sindinapepese kwa mlonda, sindinapepese kwa bwana, ndipo sindipepesa pano. Mawa mwana wina atakwiririkanso pansi pa nsalu, ndidzagwada n'kumuitana m'chinenero chimene angayankhe, woima pambali panga amve ngati akufuna.